ZA KUSOWA KWA NYUMBA MU MZINDA WA BLANTYRE

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa Bungwe lathu, olembedwa pano kuti Mafumu ndi ziwalo zonse, pamodzi ndi iwo amene sanakhoze kufika, awerenge ndi kuweruza.

Tiyamba ndi kuyamika Mafumu amene asiya milandu ya kumudzi kuti adze kuno, pakuti mlandu umene tiri nao lero sungathe popanda iwo. Akuru a Bungwe anatipempha kuti tisonkhanitse zimene zidziwika za kusowa kwa nyumba mu mzinda wa Blantyre, ndi za anthu amene agona popanda denga, kuti msonkhano uno ukhale ndi mau amodzi okapereka ku Khonsolo ya Mzinda. Mutu wa mau athu ndi uwu: munthu wosauka amanga pa malo oipa cifukwa palibe amene anampimira malo abwino. Cifukwa cace nchito yoyamba ya Khonsolo ndiyo kutsogolera anthu ndi cingwe copimira malo. Ikacedwa kutero, idzawatsata m'mbuyo ndi nyundo yogumulira, kapena ndi mabokosi a maliro.

1. MUMENE MLANDU UNAYAMBIRA

Blantyre inayamba ndi Mishoni ya anthu a ku Scotland m'caka ca 1876, ndipo pofika 1895 inali ndi Khonsolo yace. Limbe inalandira yace mu 1909, ndipo ziwirizi zinaphatikizidwa mu 1956. Koma makhonsolo oyambawo anali m'manja mwa Azungu, ndipo anasamala misewu ndi madzi a kumene iwo eni anali kukhala. Dziko lozungulira tauni linali litagwa kale m'manja mwa makampani ndi eni minda, mwa zikalata zimene Bwana Harry Johnston anayamba kupereka mu 1892. Wanchito wakuda, amene anasenza katundu wa ku Mandala ndi kukonza njanji ya ku Limbe, analibe malo ace m'tauni. Iye anagona kumbuyo kwa nyumba ya bwana wace, kapena anapempha malo kwa nyakwawa wa ku Ndirande ndi wa midzi ina ya m'mphepete, nayenda mtunda wautali m'mawa ndi madzulo.

Makolo athu amene anakhala pa minda ya Azungu anadziwa kuwawa kwa kukhala pa malo a mwini. Iwo analipira malo ndi thangata, ndipo lamulo la 1928 linalola mwini munda kuti, pakutha pa zaka 5 ziri zonse, acotse kufikira munthu mmodzi mwa anthu 10 okhala pa munda wace, angakhale sanalakwe kanthu. Mabungwe a anthu akuda, kuyambira la ku North Nyasa la 1912 kufikira Nyasaland African Congress ya 1944, anadandaula za malo kawiri kawiri. Sir Sidney Abrahams atafufuza mlanduwo mu 1946, analangiza kuti Boma ligule malo a minda amene anali kungokhala ndi kukhazikapo anthu. Boma linayamba kugula, ndipo thangata linatha mu 1962. Tikumbutsa mbiri iyi cifukwa iphunzitsa cinthu cimodzi: mtima wa munthu unakhala pansi tsiku lomwe anadziwa kuti palibe amene adzamcotsa. Nyumba yabwino inabwera pambuyo pace, ndipo anaimanga yekha.

2. NJIRA YA MAPULOTI

M'caka ca 1964, caka ca ufulu wa dziko lino, kunakhazikitsidwa Malawi Housing Corporation. Iyo inamanga ndi kusunga nyumba za lendi, monga za ku Kanjedza, Chitawira ndi Nkolokosa. Koma nyumba zotere zinakwanira akalaliki, aphunzitsi ndi anchito ena a malipiro a pa mwezi. Wogulitsa makala, mlonda ndi wocapa zobvala sanakhoze kulowamo. Kwa anthu otere inakulitsa njira ina, ndiyo ya malo ochedwa Traditional Housing Areas, monga Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni ndi South Lunzu.

Macitidwe ace anali otere. Opima malo anafika poyamba, anthu asanamange. Anadula mapuloti m'mizere, naika mabikoni m'malire, nalambula misewu ya dothi, naika mpopi umodzi wa mabanja ambiri. Munthu atapatsidwa puloti analipira ndalama pang'ono pa caka, namanga monga mwa mphamvu yace: zidina ndi udzu poyamba, njerwa zoocha ndi malata m'tsogolo. Boma silinamange nyumbazo, ndipo cifukwa cace ndalama imene ikadamanga nyumba imodzi ya simenti inakonza malo a mabanja ambiri.

Phindu lace lioneka kufikira lero. Kumene opima anatsogola, galimoto ya odwala ifika pafupi ndi khomo, maliro aturuka popanda kugumula mpanda wa mnansi, ndipo mipope ya madzi ndi nthambo za magetsi zinapeza podzera pamene nthawi yao inafika. Liriponso phindu lina limene anthu saliwerenga. Mwini puloti atatha nyumba yace anamanga zipinda kumbuyo, naikamo anthu a lendi. Potero puloti imodzi inasunga mabanja atatu kapena anai, ndipo mlendo wofika kumene kucokera ku Mulanje kapena ku Ntcheu anapeza pogona usiku woyamba. Eni mapuloti ang'ono awa asunga anthu ambiri koposa nyumba zonse zimene Boma linamanga.

3. MUMENE MAPULOTI ANACEPERA

Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupi 109,000 mu mzinda wa Blantyre. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264. M'zaka 52 anthu anacuruka koposa kasanu ndi kawiri, koma kupima kwa mapuloti a anthu osauka sikunayende ndi liwiro lomwelo. Mu 1992 malo a mapuloti aja anacotsedwa m'manja mwa Malawi Housing Corporation napatsidwa kwa makhonsolo. Koma makhonsolo anawalandira ali ocepa ndalama ndi amisiri. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu zambiri pa pepala, koma kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko lonse linakhala lopanda makhansala osankhidwa, ndipo m'zaka 9 zimenezo munthu wa ku Mbayani analibe wace womnenera m'nyumba ya Khonsolo. Bungwe la UN-Habitat linalemba mu 2011 kuti anthu oposa 65 mwa anthu 100 ali onse a mu mzinda uno anali kukhala m'malo osapimidwa.

Tsono lingalirani za munthu amene wakwatira, ana abadwa, ndipo cipinda ca lendi camcepera. Ku ofesi amuuza kuti alembetse dzina ndi kudikira. Mvula siidikira, ndi mwini nyumba sadikira. Iye apita kwa amene angampatse malo msanga, ndiye nyakwawa wa m'tauni kapena munthu amene anafika kale nadzigwirira malo. Apereka ndalama, alozedwa malire ndi ndodo, ndipo m'mawa mwace aumba zidina. Malo amene atsalira munthu wotere ndiwo amene ena onse anawakana: m'dambo, m'mphepete mwa Mudi, Nasolo ndi Naperi, ndi m'matsitso a mapiri.

Pano pali mfundo imene iyenera kumasulidwa pamaso pa Mafumu. Lamulo la Mafumu la 1967 linena kuti Mfumu siingagwiritse mphamvu yace m'kati mwa mzinda popanda cilolezo colembedwa ca Khonsolo. Koma mzinda unakula numeza midzi imene inali ndi eni ace ndi manda ace, ndipo anthu apitabe kwa nyakwawa pa maliro, pa milandu ya malire ndi pofuna malo. Comweco amene ali ndi lamulo sadziwa anthu, ndipo amene adziwa anthu alibe lamulo. Pakati pa awiriwa ndipo pagwera wosauka.

4. PHIRI LA SOCHE

Mtengo wa kucedwa uku unalipidwa m'mwezi wa March 2023. Namondwe wochedwa Freddy anagwetsa mvula masiku otsatana osakata, ndipo matope, miyala ndi madzi zinatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba za ku Chilobwe ndi malo oyandikana nao. M'dziko lonse akufa ndi osowa pamodzi anaposa 1,000, ndipo anthu oposa 650,000 anacoka m'nyumba zao. Ambiri anagona m'masukulu ndi m'machalichi, ndipo ana analeka kuphunzira kuti makalasi akhale misasa.

Mvula ija inali yaikuru ndithu, ndipo palibe Khonsolo imene ikadailetsa. Koma cimene cinaika mabanja m'njira ya matope cinali nchito ya zaka zambiri. Phiri lija linali nkhalango yosungidwa, ndipo mizu ya mitengo inagwira dothi. Mitengo itatha, yense womanga anasema phiri kuti apeze pogona maziko, nasiya cipupa ca dothi kumbuyo kwa nyumba yace. Panalibe ngalande yotsogolera madzi, ndipo maenje a zimbudzi anamwetsa nthaka m'kati. Dothi litakhuta madzi linalemera, ndipo linatsika. Anthu ena ati, Kodi sanacenjezedwe? Inde, cenjezo linamveka kawiri kawiri. Koma cenjezo liuza munthu pamene sayenera kukhala, osamuuza pamene ayenera kukhala. Ndipo munthu amene alibe kwina amva cenjezo, nabwerera kukagona pomwepo. Madzi akatayika saoleka. Cimene tingacite ndico kusamala mtsuko umene watsala.

5. ZIMENE ANANSI ATHU ANACITA

Mizinda iwiri ya anansi athu, kumene kuli abale athu ambiri, inakomana ndi bvuto lomweli, ndipo inayesa njira ziwiri zosiyana. Ndi bwino kuti tione zipatso zace tisanasankhe yathu.

Ku Harare ndi mizinda ina ya Zimbabwe, m'mwezi wa May 2005, nyengo ya cisanu, akuru a dziko anayamba nchito yochedwa Murambatsvina, ndiyo kugumula nyumba ndi misika yonse yomangidwa popanda cilolezo. Mai Anna Tibaijuka, amene anatumidwa ndi United Nations kukaona, analemba kuti anthu ngati 700,000 anataya nyumba, kapena nchito, kapena zonse ziwiri. Anthu anauzidwa kuti abwerere kumudzi kwao. Koma ana ndi adzukulu a amuna a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amene anapita kale kukagwira nchito m'migodi ndi m'mapulazi, analibe mudzi wobwererako. Nyumba zinacepa, anthu sanacepe. Ogumulidwa anapanikizana m'zipinda zotsala, ndipo ena anagona pa bwalo.

Ku Lusaka, zaka 30 m'mbuyo mwace, anayesa njira ina. Lamulo la 1974 linalola Khonsolo kubvomereza makomboni amene anthu anadzimangira okha, ndi kupatsa mwini nyumba cikalata comlola kukhala pa malopo zaka 30. Caka comweco World Bank inakongoza madola 20 miliyoni a ku America, ndipo Khonsolo inalowa ku Chawama, George, Chaisa ndi Chipata ndi misewu, mipope, masukulu, ndi ngongole za zipangizo zomangira. Cimene tiyenera kucisunga ndi macitidwe ao pa misewu. Atsogoleri a anthu a m'komboni anayenda pansi pamodzi ndi amisiri a Khonsolo, nagwirizana kumene msewu udzadzera. Ndipo banja limene nyumba yace inagwa m'njira ya msewu linapatsidwa puloti pa malo okonzedwa pafupi ndi komboni yomweyo. Potero nyumba zambiri zinasunthidwa popanda nkhondo, ndipo anthu atalandira cikalata anayamba kusintha zidina ndi mabuloko a simenti.

Nchitoyo inali ndi cilema cace. Anthu ambiri sanabweze ngongole ndi kulipira ndalama za pa mwezi, ena cifukwa osonkhetsa anali aulesi, ena cifukwa zina zolonjezedwa sizinafike. Ndipo thumba litauma, nchito siinafalikire monga anayembekezera. Lamulo lija linalowedwa m'malo ndi lina mu 2015. Komabe makomboni aja alipo, anthu sanabalalike, ndipo kusiyana kwa Lusaka ndi Harare kuoneka kwa yense amene ali ndi maso.

Ndi kuno kwathu umboni ulipo. Mu 2003 amai a ku Mtandire ku Lilongwe anayamba kusonkha ndalama zing'onozing'ono tsiku ndi tsiku, ndipo magulu ao anakula nakhala Malawi Homeless People's Federation, ndi thumba lao lochedwa Mchenga. Makhonsolo anawapatsa malo, ku Area 49 ku Lilongwe ndi ku Angelo Goveya kuno ku Blantyre, nawalola mapuloti ang'ono ndi nyumba za zidina; ndipo mabanja mazana mazana amene anali pa lendi anamanga zao. Gawo la Khonsolo linali malo ndi cilolezo, gawo la anthu linali manja ndi ndalama zao.

6. AMENE ALI PAFUPI KUTAYA NYUMBA

Kufikira pano tanena za omanga. Koma munthu amene agona pa khonde la sitolo ku Limbe, kapena pa benchi ya ku depoti, sanabadwire pamenepo. Iye anali ndi khomo lace, ndipo linamcokera tsiku lina limene anansi ace alikumbukira. Njira zazikuru zotayira nyumba mu mzinda uno ziri zitatu.

Yoyamba ndiyo lendi. Nchito yatha kapena matenda alowa, miyezi iwiri yapita osalipira, ndipo mwini nyumba acotsa citseko kapena aika katundu pa bwalo. Mwini nyumbayo kawiri kawiri ali wosauka mnzace, amene adya lendi yomweyo; cifukwa cace mlandu wotere ufuna mkhalapakati woti afike msanga, mkwiyo usanakule. Ku Wales lamulo la 2014 linalamula khonsolo kuti ithandize munthu amene aoneka kuti adzataya nyumba m'kati mwa masiku 56, ndipo England inatsata ndi lamulo lace la 2017. Thandizolo liyamba ndi kukamba ndi mwini nyumba, kupangana za malipiridwe a ngongole, kapena kufuna cipinda cina tsiku lisanafike. Cuma cao sitiri naco, koma nzeru ya kufika tsiku lisanafike siigulidwa, ndipo bwalo la nyakwawa laidziwa kuyambira kale.

Yaciwiri ndiyo maliro. Mwamuna wamwalira, ndipo abale ace afika kudzatenga nyumba, mkazi ndi ana naturutsidwa misozi isanaume. Lamulo la cuma ca masiye la 2011 liyesa kulanda kotere mlandu wolangidwa ndi khoti. Koma mkazi wamasiye salidziwa, kapena aopa, ndipo khoti liri kutali. Amene ali pafupi tsiku logawa cuma ndiye Mfumu.

Yacitatu ndiyo tsoka la moto, mphepo ndi madzi, limene tanena kale. Ndipo pa onsewa tionjezepo cimodzi. Zaka zambiri munthu wopezeka pa bwalo usiku anagwidwa pa mlandu wa vakabu, ngati kuti kusowa pogona ndiko kuba. M'mwezi wa January 2017 Khoti Lalikuru linagamula kuti ndime ija, ya 184(1)(c) ya malamulo a milandu, itsutsana ndi malamulo akuru a dziko. Ciweruzo cimeneco cinali colungama. Koma cinangocotsa unyolo, sicinapatse munthu mphasa. Mphasayo ndiyo nchito ya mzinda.

7. ZIMENE ENA ADZANENA

Ena adzati, Khonsolo iribe ndalama. Tiyankha kuti sitipempha nyumba za simenti. Tipempha bikoni, msewu wa dothi, ngalande ndi mpopi, ndipo zimenezi zicepa mtengo pamene ziikidwa pa malo opanda nyumba. Kulowetsa msewu womwewo pakati pa nyumba zomangidwa kale kufuna cipukuta misozi ndi milandu. Ndipo kudyetsa anthu m'misasa, kukumba akufa m'matope ndi kumanganso milatho kudya ndalama koposa zonsezi. Mmera mpoyamba.

Ena adzati, Mapuloti akaturuka adzagwa m'manja mwa olemera, amene adzagula 5 kapena 10 m'maina a abale ao. Mantha awa ali ndi maziko, pakuti cinthu cosowa cikokedwa ndi mwini mphamvu. Mankhwala ace ndi awiri: mapuloti akhale ang'ono ndi ambiri, kuti wolemera asawakhumbe, ndipo maina a opempha ndi a olandira apacikidwe poyera, kumene anansi amene adziwana angawawerenge.

Enanso adzati, Mukakonza malo, anthu a kumidzi adzathamangira ku tauni. Koma anthu 800,264 aja anacuruka m'zaka zomwezo zimene mapuloti anali osowa, ndipo ambiri a iwo anabadwira mu mzinda momwemuno. Cimene ciitana munthu ku tauni ndi nchito, msika, sukulu ndi cipatala, ndi kucepa kwa minda kumudzi. Iye adzafika ndithu. Cimene Khonsolo ingasankhe ndico malo amene adzagonapo.

8. ZOPEMPHA KWA KHONSOLO

Tiika pamaso pa msonkhano zopempha izi, kuti zikabvomerezedwa Mlembi azitumize.

(1) Kuti caka ciri conse Khonsolo ipime mapuloti ang'ono pa malo osaopsa, pafupi ndi msewu wa maminibasi, ndi kulengeza ciwerengero cace. Banja limodzi lilandire puloti imodzi, ndipo dzina la mkazi lilembedwe pamodzi ndi la mwamuna.

(2) Kuti pa mapuloti amenewa munthu aloledwe kumanga pang'ono pang'ono ndi zidina, malinga maziko ali okwera, khonde liteteza cipupa ku mvula, ndipo cimbudzi cakumbidwa pamalo pace.

(3) Kuti malo osapimidwa amene ali pa nthaka yabwino akonzedwe anthu ali pomwepo, misewu isankhidwe pamodzi ndi eni ace, ndipo mwini nyumba yense alandire cikalata.

(4) Kuti m'mapiri a Soche ndi Ndirande, ndi m'mphepete mwa mitsinje, muikidwe zizindikiro zooneka za malire a malo oopsa, ndi mitengo ibzalidwe kumtunda kwace. Ndipo kuti banja lisacotsedwe kufikira puloti yace yatsopano yaonetsedwa, pa mtunda woti munthu angafike ku nchito yace. Wosamutsidwa kutali ndi cakudya cace adzagulitsa puloti nabwerera ku phiri.

(5) Kuti m'wodi iri yonse mukhale kalaliki wodziwika, amene wa lendi woopsezedwa kapena mkazi wamasiye angapiteko. Ndi kuti pafupi ndi misika ya Blantyre ndi Limbe pakhale nyumba yogonamo osowa m'nyengo ya mvula ndi ya cisanu.

(6) Kuti ndalama za mapuloti ziwerengedwe poyera caka ndi caka, ndipo anthu aone ngalande ndi mipope imene zagula. Pakuti ca ku Lusaka catiphunzitsa kuti munthu alipira cimene aciona. Ndipo ife ziwalo tidzalimbikitsa anthu athu kulipira.

9. ZOPEMPHA KWA MAFUMU

Kwa inu Mafumu athu tilankhula ndi ulemu, monga ana kwa makolo ao. Tipempha kuti pasakhale nyakwawa woloza munthu malo kumtunda kwa malire a phiri kapena m'dambo, angakhale wopemphayo alire motani; ndalama ya malo otere itha m'mwezi umodzi, koma maliro ace adzalowa pa bwalo lanu lomwe. Tipempha kuti mudzi uli wonse ukhale ndi buku la mabanja, eni nyumba ndi a lendi omwe, kuti tsiku la tsoka adziwike amene asowa, ndi tsiku logawa mapuloti adziwike amene ayenera. Tipempha kuti pa tsiku logawa cuma ca womwalira Mfumu inene poyera, pamaso pa mbali zonse ziwiri, kuti nyumba ikhala ya mkazi ndi ana monga lamulo linena.

Kwa Mafumu a maiko ozungulira mzinda, a Kapeni, a Machinjiri ndi a Somba, tiri ndi pempho lapadera. Mzinda ulikudza kwa inu, ndipo minda imene ilimidwa lero idzakhala nyumba ana athu asanakule. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo, amene mkuru wace ndi Gulupu, ndi anthu 6 osankhidwa, atatu a iwo kapena oposa akhale amai. Makomiti amenewa akhale pansi ndi opima a Khonsolo minda isanadulidwe, asiye malo a misewu, sukulu, msika ndi manda, ndipo eni minda alandire mtengo woyenera. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe: cimene cinacitika ku Ndirande, pamene tauni inafika popanda cingwe, cisacitikenso kwa inu. Ndipo tipempha Khonsolo kuti ipereke kwa Mafumu a m'tauni cilolezo colembedwa cimene lamulo la 1967 linena, conena bwino cimene angacite ndi cimene sangacite, kuti mphamvu ziwirizi zileke kupondana.

A Mkuru wa pa Mpando, mvula idzagwanso pa nyengo yace, ndipo alipo mabanja amene agona pansi pa miyala yomweyo. Tipempha kuti msonkhano ukambe zopempha izi cimodzi cimodzi, ukonze zimene ziri zopotoka, ndi kusankha anthu 5, mwa iwo Mafumu awiri ndi amai awiri, okazipereka ku Khonsolo ndi kubwera ndi yankho lolembedwa pa msonkhano ukudzawo. Ziwalo zimene zilandira kalata iyi ziiwerenge kwa anzao amene sadziwa kuwerenga, ndi kutumiza maganizo ao kwa Mlembi tsikulo lisanafike.